Kufunafuna Womva Mawu a Alamu Anga Pita

Owerenga okondedwa, ndikupatsani moni m'dzina la Mulungu Atate, amene amamva anthu a mitundu yonse popanda womasulira. Ine ndine Alufeyo Namakhwa, mkulu wa mpingo kufupi ndi Thuchila. Makalata awa tinalemberana m'chaka cha 1956 ndi muphwa wanga Lenard, amene ankagwira ntchito pa galaja ku Salisbury. Amake ndiye mlongo wanga Enifa. Atamwalira atate ake a Lenard, Enifa anakwatiwa ndi mzungu wokonza makina pa fakitale ya tiyi, amene tonse tinkamutcha Pita Mdatchi, pakuti anafika kuno kudzera ku Beira atasiya ntchito m'sitima ya pamadzi ya Adatchi. Iyeyu ndiye analera Lenard, namuphunzitsa kugwira sipanala. Makalatawa ndawaika monga anatsatirana.

Thuchila, 9 Julayi 1956

Kwa muphwa wanga Lenard,

Moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji kumeneko? Kuno chiperoni chatikhalira, ndipo mbiri imene ndikutumizira ndi yolemera.

Atate ako Pita anagwa m'fakitale mwezi wathawu. Dzanja lamanja ndi mwendo wake zafa, pakamwa papotoka. Moyo ulipo, ndipo amalankhula ndithu, koma zimene alankhula palibe wakuzimva. Si Chingerezi, si Chinyanja, si Chilomwe chake chothyokathyoka chija ankaseketsa nacho amako. Chachiwiri ndi ichi: akamutulutsa pakhonde amathyola nthambi za bulugama ndi dzanja lamanzere, naziviika m'madzi otentha osambira, nayamba kudzikwapula nazo pa dzanja lakufalo. Amako poopa kuti adzivulaza anamumanga dzanja labwinolo ndi nsalu ku mpando. Pamenepo amafuula kwambiri. Dona wa bwana mkulu wa esiteti anadza kudzazonda, napeza zimenezi, nathawa.

Tsopano bwana mkulu wati dokotala wa boma adzafika mwezi wa Okutobala. Akadzapeza kuti Pita wapenga, adzamutengera ku nyumba ya amisala ku Zomba, ndipo amako sadzaloledwa kumutsata, pakuti ukwati wawo unamangidwa ndi ife ankhoswe, ndipo m'mabuku a azungu mulibe. Koma akadzapeza kuti nzeru zake zili bwino, adzasankha yekha kokhala.

Ine sindikhulupirira kuti wapenga. Ukumbukira agogo ako, amayi athu: m'masiku awo otsiriza Chinyanja chonse chinawachoka, nabwerera ku Chilomwe chimene anayamwa nacho kuseri kwa phiri. Ndiyesa kuti Pita wabwerera ku Chidatchi cha amake. Chotero ndikupempha, funafuna m'mzinda waukuluwo munthu wodziwa Chidatchi, amene mawu ake azungu angawalemekeze. Nthawi ndi yochepa.

Atsibweni ako,
Alufeyo

Salisbury, 24 Julayi 1956

Atsibweni,

Moni. Ine ndili bwino, koma kalata yanu ndinaiwerengera pansi pa lole kuti anzanga asaone nkhope yanga. Amayi akudya? Ndi ndani akuwathandiza kunyamula bambo? Ndapempha livi, andikaniza mpaka Khirisimasi.

Ndinafunsa folomani wathu, Bunu uja, poganiza kuti Chibunu ndi Chidatchi ndi chimodzi. Anati iye Chidatchi cha ku Holande amachimva ngati momwe inu mumamvera Chisena, apa wamva apa waphonya, ndiponso sangakwere sitima chifukwa cha bambo ake a makanika wakuda. Ndinangoti yesi bwana.

Koma atsibweni, mukundituma kutali pamene Adatchi enieni muli nawo pakhomo. Ansembe a Aroma aja amadutsa pa Nkando ndi njinga zamoto kwawo ndi ku Holande. Ndikudziwa kuti inu pabwalo la Aroma simunapondepo chibadwire, ndipo kuti munandikwapula nditatola kolona pamsewu. Koma pitani. Sakakubatizani muli chiimire.

Muwauze amayi asamange dzanjalo mothina.

Muphwa wanu,
Lenard

Thuchila, 13 Ogasiti 1956

Kwa Lenard,

Moni. Nthabwala yako ya ubatizo ndinaimva, ndipo tidzakambirana ukadzabwera. Koma ndinapita. Ndinavala jekete langa la Mgonero, ndinaima kunja kwa mpanda wawo kufikira wansembe anatuluka yekha. Dzina lake ndi Bambo Yakobo, munthu wa ndevu zofika pachifuwa, wolankhula Chinyanja chosalala koposa cha ana a sukulu a masiku ano. Sanandifunse za mpingo wanga. Anangoti, "Kwerani kumbuyo, mundigwire m'chiuno." Ndipo anthu onse a pamsika wa Thuchila anaona mkulu wa mpingo wa Blantyre atakumbatira wansembe wa Aroma pa njinga yamoto. Lamulungu lotsatira akulu anzanga anali nazo zonena.

Koma taona chimene chinatuluka. Titafika ku esiteti, wansembe analankhula naye Pita m'Chidatchi, Pita nayankha mawu ambiri, ndipo wansembe anatembenuka nati kwa ine, "Ichi si Chidatchi. Sindikumvapo ngakhale liwu limodzi." Mtima wanga unagwa. Kukiboi wa kwa bwana mkulu anali pomwepo atabweretsa buledi, ndipo dzuwa lisanapendeke mbiriyi inali itafika kumtunda. Bwana mkulu wati, "Mwaona? Ngakhale mnzake wa kwawo sakumumva." Momwemo ndi dzanja langa lomwe ndawonjezera mlandu wa mlamu wanga.

Komabe Ambuye sanatisiye opanda kanthu. Wansembe asanachoke anapempha kuti timasule dzanjalo, nayamba kupemphera. Pita anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Wansembe anasiya pemphero pakati, nati Aroma amayambira phewa lamanzere, koma uyu wayambira lamanja, ndi zala zitatu zophatikiza, monga achitira Akhristu a maiko a kum'mawa. Pamenepo anayamba kutchula maina a maiko limodzilimodzi. Pita anangomuyang'ana. Koma atatchula Rasha, misozi inatsika, nagwira mkanjo wa wansembe osausiya.

Zaka zonsezi takhala tikumutcha Mdatchi, iye navomera, ndipo palibe anamufunsa. Bwana mkulu wati misozi si umboni, ndipo sadzamvera wina aliyense koma womasulira wolumbira, wodziwika ku boma. Wansembe wafunsa ku Limbe ndi ku Blantyre, sanapezeke. Chotero leka za Chidatchi. Funa wodziwa Chirasha.

Atsibweni ako,
Alufeyo

Ku esiteti, 26 Sepitembala 1956

Lenard mwana wanga,

Ndine amako. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo. Atsibweni ako anakulembera mu Ogasiti, analembanso kachiwiri, iwe zii. Lachisanu lililonse amapalasa njinga kupita ku positi ofesi, akabwera amandiuza kuti tipemphere. Ndapemphera mpaka maondo achita zikang'a.

Kodi ndi chifukwa chakuti si bambo ako okubereka? Nena. Unali ndi mphere thupi lonse pamene munthu uyu anakunyamula paphewa kupita nawe kuchipatala, azungu anzake akumuseka. Lero wavala nsapato ku Salisbury waiwala. Jenifer wa kwa Lackson wabwera kuchokera kumeneko, akuti ku nyumba yako kulibe munthu, pakhomo pali loko. Ngati wapeza mkazi, ndi bwino, koma kalata silemera.

Bambo ako asiya kufuula. Amangondiyang'ana. Dzulo ndikuwasambitsa ananena mawu pang'onopang'ono, akubwereza, ngati momwe umaphunzitsira mwana. Ine ndinayankha kuti eya, eya. Sindidziwa chimene ndinavomera.

Dokotala akubwera mwezi wamawa. Akadzawatenga ndidzayenda pansi kutsata galimotoyo. Udzamve kwa anthu.

Amako,
Enifa

Salisbury, 5 Okutobala 1956

Amayi ndi atsibweni,

Moni nonse. Amayi, kalata yanu yandiwawa, koma sindikukwiyirani. Mkazi ndilibe. Loko amene Jenifer anaona ndi woona, chifukwa ndinali m'manja mwa apolisi.

Atsibweni, inu kumudziko simudziwa kuti dzina lija munalemba ndi moto kuno. Kalata yanu itafika ndinayamba kufunsa aliyense: pagalaja, m'sitolo za Ayuda, pa siteshoni, ngakhale kwa madalaivala a mabasi. Ndinkangoti, "Mukudziwako munthu wolankhula Chirasha?" Anthu ankandiyang'ana ngati ndafunsa kogula mfiti. Tsiku lina ndikutsitsa giyabokosi, anabwera awiri ovala zawamba nkunditenga ndi girisi yemwe.

Funso lawo linali limodzi: munthu wa ku Nyasaland akufuna Arasha achite nawo chiyani, ndipo wamutuma ndani? Ndinati wandituma ndi atsibweni anga. Anati atsibweni akowo ali m'chipani chanji? Ndinati ali m'chipani cha Sande sukulu. Sanaseke. Ndinawafotokozera za bambo, koma anati nkhani ya mzungu wokhala ndi mkazi wachilomwe amene waiwala Chingerezi ndi bodza losapekedwa bwino. Kulemba kalata sankalola.

Potsiriza anaganiza zondiyesa ngati Chirashacho ndimachidziwa mobisa. Anaitana womasulira wawo wa kukhoti. Analowa dona wachikulire, wamfupi, wa ndodo, dzina lake Dona Estele. Anabwera m'dziko lino nthawi ya nkhondo pamodzi ndi othawa kwawo, ndipo amamasulira m'makhoti, chikalata cha boma ali nacho. Anandilankhula m'chinenerocho. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Koma amayi, kamvekedwe kake ndinakazindikira. Ndi momwe bambo ankang'ung'udzira akadzimenya chala ndi hamala, ife nkumati akutukwana m'Chidatchi. Ndinalira pamaso pa apolisi.

Dona anawauza kuti mnyamata uyu sadziwa kanthu. Kenaka anandifunsa m'Chingerezi kuti ukulira chiyani. Ndinamuuza zonse. Anandifunsanso kuti, "Papita nthawi yaitali bwanji munthuyo asanamvedwe ndi wina aliyense?" Nditamuuza, anagogoda ndodo pansi.

Ananditulutsa mawa lake. Bunu wandilandiranso pantchito chifukwa giyabokosi ija inawakanika. Dona wavomera kubwera. Wati ndalama ya ntchito yake sakufuna, koma ya sitima yokha, ndiye ndagulitsa galamafoni yanga. Adzera ku Beira, adzatsikira pa Luchenza Lachitatu la pa 17. Mukamuchingamire, miyendo yake ndi yovuta. Sadya tsabola. Atsibweni, mukapemphe bwana mkulu kuti dokotala asafike dona asanafike, ngakhale mugwade.

Ndipo chonde, m'kalata yotsatira dzina la dzikolo musalilembe. Muzingoti kwawo kwa bambo.

Mwana wanu,
Lenard

Thuchila, 23 Okutobala 1956

Kwa muphwa wanga wokondedwa Lenard,

Moni m'dzina la Ambuye, amene anakutsekera m'chipinda kuti akusonyeze khomo. Ife tinakuweruza mosadziwa, ndipo amako ati ndikuuze kuti kalata ija uing'ambe. Tsopano khala pansi, ndikufotokozere zonse monga zinachitikira.

Dona Estele anatsika pa Luchenza monga unanenera. Bambo Yakobo anabwereka lole ya ku mishoni kwawo, ndipo ine ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi matumba a simenti. Kugwada kwa bwana mkulu sikunafunike, pakuti dokotala anachedwa yekha ndi odwala ena, nafika Lachisanu m'mawa. Dona anakana kuonana ndi Pita dokotala asanabwere, nati asadzanene kuti anamupangira zoyankha. Amako anadandaula, koma iye sanasunthike.

Tinakhala pakhonde: dokotala, bwana mkulu, wansembe, amako ndi ine. Pita anali pampando wake, dzanja lomangidwa. Tinapangana kuti dona azitembenuzira mawu a Pita m'Chingerezi, ndipo ine, popeza ndinaphunzitsako sukulu, ndizitembenuzira amako m'Chinyanja.

Dona anakoka mpando, nakhala pafupi, nanena mawu ochepa motsitsa. Pita anayang'ana amako, nayang'ana phiri, nayang'ananso dona. Ndinaona bwana mkulu akutulutsa wotchi. Dona ananenanso. Pamenepo mawu anatuluka ngati madzi a Thuchila mvula itagwa kumtunda, kotero kuti dona anakweza dzanja kumuletsa.

Dokotala anati, "Akuti chiyani?"

Dona anati, "Akuti poyamba mumumasule, pakuti mphuno yakhala ikumuyabwa kuyambira m'mawa."

Wansembe anaseka mpaka ndevu zinagwedezeka. Amako anamasula nsalu, Pita nakanda mphuno yake pamaso pa onse, mosafulumira.

Dokotala anafunsa dzina lake, chaka chino, ndi malo amene ali. Anayankha zonse, nawonjezera kuti zonena zathu amazimva bwino, koma akafuna kuyankha pakamwa pamatuluka cha kwawo chokha. Anafotokozanso kuti anachoka kwawo ali mnyamata nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, ndipo dzina la Mdatchi analilola chifukwa silinkabweretsa mafunso. Pamenepo dokotala anafunsa za kudzikwapula. Pita anati kwawo kuli tinyumba tosambiramo ta nthunzi, ndipo munthu akauma ziwalo amamumenyamenya ndi masamba oviika m'madzi otentha kuti magazi ayende. Amake ankachita chotero kwa atate ake. Mtengo wa kwawo kuno kulibe, ndiye anatenga bulugama.

Nditatembenuza, amako anaomba m'manja nati, "Kuthowa kumeneko! Ine ndikanakana kuthowa? Akanangonena!"

Ndinati, "Chemwali, munthuyu wakhala akunena kuyambira mu Juni."

Potsiriza dokotala analoza amako nati, "Mumufunse kuti mkazi uyu ndi ndani kwa iye, ndipo akufuna kukhala kuti."

Pita analankhula nthawi yaitali, maso ali pa amako. Dona anatembenuza zonse m'Chingerezi, chiganizo ndi chiganizo, nkhope yake osasintha. Dokotala analeka kulemba. Bwana mkulu anayang'ana nsapato zake. Ndipo onse anatembenukira kwa ine. Lenard, ine ndalalikira pa maliro ndi pa maukwati zaka zambiri, koma mawu otere sindinawanenepo kwa mkazi aliyense, ngakhale kwa malemu mkazi wanga, azakhali ako, ndipo apa ndinayenera kuwanena kwa mlongo wanga wa bere limodzi, wansembe wa Aroma akumva. Ndinatsokomola, ndinati, "Akuti ndiwe mkazi wake, ndipo akufuna kukhala nawe."

Amako anati, "Achimwene, bamboyu walankhula mpaka milomo yauma. Dona walankhula mpaka wapuma kawiri. Inu mwangoti pha. Zinazo mwaika m'thumba la jekete?"

Ndinati, "Zinazo ndi zokometsera chabe."

Anati, "Ndi zanga. Tulutsani."

Dona anafunsa chimene tikukangana, wansembe namuuza. Ndipo dona anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, nati, "Bambo, pa ntchito iyi sitichotsa, sitiwonjezera, ndipo sitichita manyazi. Mawuwo si anu." Nabwereza pang'onopang'ono kuti ndisaphonye.

Chotero ndinaimirira, ndinayang'ana denga la khonde, ndinanena. Ndikulembera monga ndinanenera:

"Mkazi uyu anandipeza ndikudya nyama ya m'chitini choimirira, nandiuza kuti munthu amadya atakhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kukhala mlendo m'dziko lino. Ali ndi mpata m'mano a kutsogolo, ndipo ndakhala ndikumuseketsa zaka zonsezi kuti ndiziuona. Akamandimanga dzanja amalowetsa chala chake pansi pa nsalu kuyesa ngati yathina, ndipo amayesa kuti sindiona. Tsiku lina akundisambitsa ndinamufunsa ngati angandikwatiwenso ndili chonchi, ndipo anati eya, eya. Ndikudziwa kuti sanamve, koma ndagwiritsa pomwepo. Mukandichotsa kwa iye, pamenepo mudzakhala naye wamisala weniweni."

Amako anaphimba pakamwa ndi nsonga ya mpango. Kenaka anati, "Muwauze kuti..." nalekeza, pokumbukira kuti Pita amamva. Anagwada pambali pa mpando nati, "Inu a Pita, zaka zonsezi pakamwapo panali zimenezi, nkumangondiuza kuti tiyi wazizira?"

Pita anaseka ndi theka la pakamwa limene lili ndi moyo. Ichi sichinafune womasulira, ndipo dokotala anachiona.

Dokotala walemba kuti nzeru zake zili bwino, ndipo asankhe yekha. Nyumba ya esiteti tikubweza kumapeto a mwezi. Abwera kumudzi kuno. Akulu a mpingo, omwe aja ankandinena za njinga yamoto, ayamba kale kuumba njerwa kuseri kwa nthochi zathu. Dona Estele wati akhala kufikira sabata yamawa. M'mawa uliwonse amakhala ndi amako pakhonde kuwaphunzitsa mawu a kwawo kwa bambo: madzi, kuwawa, kuzizira, basi. Amako ati mawu a basi sakuwafuna, awaphunzitse a pitirizani.

Ubwere pa Khirisimasi. Pali denga lofuna munthu wamtali.

Atsibweni ako,
Alufeyo

Makalata athera pamenepa, owerenga anga. Mulungu wa mtendere adalitse nyumba yanu, akulu ndi ana, odwala ndi owasamalira. Mvula igwe m'minda yanu pa nyengo yake, amene ali kutali akulembereni, ndipo pakhomo panu pasakhale munthu wolankhula wopanda womumvera. Ameni.